Mizinga ya Sentinel: mtengo wakwera ndi 81 peresenti, koma America sikubwerera m'mbuyo

Pa 8 July 2024, William LaPlante, yemwe panthawiyo anali mkulu woona zogula zida ku Pentagon, likulu la unduna wa zachitetezo wa America, analengeza zinthu ziwiri zimene munthu angaganize kuti sizingayendere limodzi. Ananena kuti ntchito yopanga mizinga yatsopano ya nyukiliya yotchedwa Sentinel idzadya madola 140.9 biliyoni, kukwera ndi 81 peresenti kuchoka pa mtengo umene boma linavomereza mu 2020. Kenako ananena kuti ntchitoyo ipitirira. Lamulo la dziko la America limati ntchito yogula zida ikadumpha mtengo wake chonchi iyenera kuthetsedwa, pokhapokha unduna wa zachitetezo utatsimikizira nyumba ya malamulo ya Congress kuti palibenso njira ina. LaPlante anatsimikizira, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ndalama imeneyi ndi kuwirikiza pafupifupi kakhumi chuma chonse chimene dziko la Malawi limapanga pa chaka. Komanso ndi ya mizinga, maenje ake ndi mawaya basi. Mabomba okwera pamwamba pa mizingayo ali ndi bajeti yawoyawo ku unduna wina. Chimene chinakweza mtengo kwambiri si mzinga weniweniwo ayi, koma konkire, mawaya ndi nthaka, ndipo kuti timvetse mmene zinafikira apa tiyenera kuyamba taona chimene akufuna kuchotsacho.

Zimene zili pansi pa minda ya tirigu

M'zigwa za Montana, North Dakota, Wyoming, Nebraska ndi Colorado muli maenje 450 omangidwa ndi konkire ndi zitsulo. Wodutsa pamsewu amangoona kabwalo kotchingidwa ndi waya, kothiridwa miyala, kokhala ndi mlongoti ndi chivundikiro chachikulu cholemera matani pafupifupi 100. Kunja kwa wayayo mlimi akulima tirigu, ng'ombe zikudya msipu. M'maenje 400 mwa amenewa mwaima mizinga ya Minuteman III, uliwonse wotalika mamita 18, wolemera matani pafupifupi 36, wonyamula bomba limodzi lamphamvu kuwirikiza pafupifupi ka 20 kuposa lija linawononga Hiroshima mu 1945. Maenje 50 otsalawo mulibe kanthu koma amasamalidwabe. Mzinga ukangoyatsidwa sungabwezedwe, ndipo m'mphindi pafupifupi 30 umakhala wafika ku Russia.

Maenjewa amayang'aniridwa ndi malo atatu a Air Force, nthambi ya asilikali a m'mlengalenga: Malmstrom pafupi ndi mzinda wa Great Falls, Minot ku North Dakota, ndi F.E. Warren pafupi ndi Cheyenne. Alionse ali ndi maenje 150. Pansi pa nthaka palinso zipinda 45 zolamulira, ndipo m'chipinda chilichonse mumakhala asilikali awiri usana ndi usiku, akuyang'anira mizinga 10. Zipindazi zimalumikizana ndi maenjewo kudzera m'mawaya a kopa okwiriridwa m'minda ya anthu.

Zonsezi ndi zakale kwambiri. Maenje anakumbidwa m'zaka za m'ma 1960, ndipo mizinga yoyamba ya Minuteman inayamba kudikirira lamulo ku Malmstrom mu October 1962, mkangano wa America ndi Soviet Union pa mizinga ya ku Cuba uli pachimake. Minuteman III, imene inapangidwa ndi kampani ya Boeing, inalowa ntchito mu 1970, ndipo amisiri ake ankayembekezera kuti idzagwira ntchito zaka 10 zokha. Kuyambira pamenepo akhala akuikonzakonza: anathiramo mafuta olimba atsopano, anasintha makina oilondolera kumene ikupita, ndipo pofika 2014 anachepetsa mabomba kuti mzinga uliwonse uzinyamula limodzi m'malo mwa atatu. Zapansi pa nthaka ndizo zinatsalira. Makina ena otumizira mauthenga a nkhondo ya nyukiliya ankagwiritsabe ntchito ma diski akuluakulu a mainchesi 8 mpaka mu 2019. Mu 2023 anapeza mankhwala oopsa otchedwa PCB m'zipinda zina zolamulira ku Malmstrom, pa kafukufuku amene anayamba chifukwa cha nkhawa ya matenda a khansa pakati pa asilikali amene anagwirapo ntchito m'zipindamo. Mu January 2021 Admiral Charles Richard, yemwe ankatsogolera magulu onse a nyukiliya a America, anauza atolankhani kuti mzingawu sungatalikitsidwenso moyo, chifukwa mapulani a zitsulo zina anasowa, ndipo kumene alipo, anthu amene ankatha kuwawerenga anamwalira.

Pa mfundo yakuti Minuteman III yakalamba palibe amene akutsutsa. Mkangano uli pa funso lina, lakuti kodi America ikufunikiradi mizinga 400 yoima m'maenje odziwika bwino kwa mdani.

America imasunga mabomba ake a nyukiliya m'njira zitatu: m'sitima zoyenda pansi pa nyanja, m'ndege zoponya mabomba, ndi m'maenje. Cholinga n'chakuti mdani asayerekeze n'komwe kuyamba, podziwa kuti ngakhale atamenya motani, padzatsalabe zida zomubwezera. Sitima zimabisala, ndege zikanyamuka zimatha kuitanidwa kuti zibwerere, koma maenje sasuntha ndipo Russia ndi China akudziwa pamene dzenje lililonse lili. Oikira kumbuyo maenjewa amati kudziwika kwakeko ndiye mphamvu yake. Popanda iwo, mdani atha kulemaza America pomenya malo ochepa chabe: madoko awiri a sitimazo, mabwalo angapo a ndege, ndi likulu. Pokhala ndi maenje 450 ndi zipinda 45 zomwazikana m'dera lalikulu, mdani ayenera kuponya mabomba mazanamazana pakati penipeni pa dziko, ndipo palibe mtsogoleri amene angachite zimenezi n'kumayembekezera kuti sabwezeredwa. Akatswiri ena amanena mosabisa kuti ntchito ya maenjewa ndi kumwa mabomba a mdani. Kunena kwina, alimi a ku Montana ndi North Dakota ndiwo aikidwa kutsogolo kuti mabombawo adzagwere kwawo. Mfundo imeneyi imandivuta nthawi zonse ndikaiwerenga, chifukwa imanenedwa modekha ngati nkhani ya masamu pamene ikukamba za anthu mamiliyoni amene fumbi la nyukiliya lingawapeze.

Otsutsa, monga William Perry amene anali nduna ya zachitetezo m'nthawi ya Bill Clinton, amaloza ngozi ina. Popeza maenje angathe kuphwanyidwa, pulezidenti akauzidwa kuti mizinga ya mdani ili m'njira amakhala ndi mphindi zochepa kuti asankhe kuponya yake isanawonongedwe. Nanga ngati chenjezolo ndi labodza? Zinachitikapo. Mu November 1979 tepi yophunzitsira inalowa m'makompyuta a NORAD, likulu la asilikali lochenjeza za mizinga yobwera ku North America, n'kuonetsa ngati Soviet Union yaponya mizinga yambiri. Pa 26 September 1983 makina a Soviet Union anaonetsa mizinga ya America ikubwera, ndipo msilikali wina, Stanislav Petrov, anaganiza kuti makinawo alakwitsa. Perry wakhala akunena kuti sitima ndi ndege n'zokwanira kuopseza mdani aliyense.

Mmene ogulitsa anatsalira mmodzi

Mu 2014 Air Force inachita kafukufuku woyerekeza njira zosiyanasiyana, ndipo inapeza kuti kupanga mzinga watsopano n'kotsikirako mtengo kusiyana ndi kupitiriza kukonza wakale. Koma kafukufukuyu anali atapatsidwa kale malire: mizinga ikhalebe yochuluka ngati mmene ilili, ndipo igwire ntchito mpaka 2075. Ukafunsa funso motero, yankho limadziwikiratu, chifukwa palibe mzinga wa 1970 umene ungafike 2075 osamangidwanso wonse. Kuchepetsa chiwerengero, kapena kukonza wakale kuti ufike zaka 20 zina n'kudzaonanso zinthu zikasintha, sizinayesedwe pa sikelo yomweyo. Pafupifupi chilichonse chimene chinatsatira chinatsamira pa kafukufuku ameneyu.

Mu August 2017 makampani awiri, Boeing ndi Northrop Grumman, anapatsidwa makontrakiti a madola oposa 300 miliyoni iliyonse kuti akonze mapulani awo n'kudzapikisana. Apa zinthu zinkaoneka kuti zikuyenda mwa dongosolo. Koma mu 2018 Northrop Grumman inagula kampani ya Orbital ATK, imodzi mwa makampani awiri okha ku America amene ankatha kupanga injini zikuluzikulu za mafuta olimba zoyendetsa mizinga yotere. Inayo inali Aerojet Rocketdyne. Boeing inadandaula kuti singapikisane mwachilungamo ndi kampani imene ili ndi fakitale yakeyake ya injini, pamene iyo iyenera kukagula injinizo kwa mnzake wopikisana nayeyo. Mu July 2019 Boeing inatuluka mu mpikisano. Inapempha boma kuti likakamize makampani awiriwa kugwirira limodzi, koma sizinatheke.

Choncho mu September 2020 Northrop Grumman, yomwe inatsala yokha, inalandira kontrakiti ya madola 13.3 biliyoni yokonza mzingawo ndi zonse zoyendera nawo. Panthawiyo ntchitoyi inkatchedwa GBSD. Dzina la LGM-35A Sentinel linabwera mu April 2022. Mtundu wa kontrakitiyo ndi wofunika kuumvetsa. Pali makontrakiti amene mtengo umamangidwiratu, ndipo kampani ikapitirira imadziluzira yokha. Pali ena amene boma limabweza ndalama zonse zimene kampani yagwiritsa ntchito, n'kuwonjezerapo phindu lodalira mmene ntchito yayendera. Ya Sentinel ndi ya mtundu wachiwiriwu. Pa ntchito yatsopano yosadziwika bwino, boma limasankha njira imeneyi kawirikawiri, chifukwa palibe kampani imene ingavomere kumanga mtengo wa chinthu chimene sichinapangidwepo. Zotsatira zake n'zakuti mtengo ukakwera, wosenza ndi wokhometsa misonkho. Ndipo pamene wogulitsa ndi mmodzi, boma silingawopseze kuti lipita kwina.

Mwezi womwewo Pentagon inavomereza kuti ntchitoyi ilowe gawo lopanga zenizeni, chilolezo chimene iwo amachitcha Milestone B. Pa chilolezo chimenechi amaika mtengo woyambira umene zonse zam'tsogolo zidzayezedwerapo. Anaika madola 77.7 biliyoni powerengera mphamvu ya dola ya mu 2020, oti agule mizinga 659 kuphatikizapo yoyesera ndi yosungira, kukonza maenje 450 ndi kumanga zipinda zolamulira. Akagawa ndalama yonseyo ndi chiwerengero cha mizinga, mzinga umodzi unkatuluka madola 118 miliyoni. Mu January 2024 Air Force inauza Congress kuti chiwerengerochi chafika 162 miliyoni. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, ofesi ya Pentagon yowerengera mitengo payokha inati 214 miliyoni. Manambala onsewa ndi a dola ya mu 2020, kotero kukwera kwa mitengo ya zinthu sikungakhale chodzikhululukira, ndipo ndalama zenizeni zimene zidzatuluke m'thumba la boma m'zaka zikubwerazi zidzaposa 140.9 biliyoni.

Konkire, mawaya ndi malo a anthu

Akuluakulu a Pentagon ananena okha kuti gawo lalikulu la kukweraku lili pa maenje, zipinda zolamulira ndi mawaya. Mu 2020 ankaganiza kuti adzangotulutsa mzinga wakale m'dzenje, n'kulikonza apa ndi apo, n'kulowetsamo watsopano. Anawerengera mtengo asanaone bwinobwino mmene maenjewo alili, ndipo America inali isanamangepo zinthu zotere kuyambira m'zaka za m'ma 1960, kotero panalibe mitengo yaposachedwa yoti ayerekezere. Amisiri atayamba kujambula mapulani enieni anapeza kuti makina atsopano akufuna malo aakulu, magetsi ambiri ndi zoziziritsira zamphamvu kuposa zimene zipinda zakale zingakwanitse. Kusintha kwakung'ono pa dzenje limodzi kumachulukitsidwa ka 450.

Mawaya nawo anali nkhani ina. Poyamba ankayembekezera kugwiritsanso ntchito ena mwa mawaya akale a kopa, koma zinadziwika kuti sangathe kunyamula mauthenga ochuluka amene makina atsopano amafuna. Pakufunika mawaya a faiba otalika makilomita pafupifupi 12,000. Ambiri mwa mawayawa adzadutsa m'minda ndi m'malo odyetsera ziweto a anthu wamba, ndipo mwini malo aliyense ayenera kukambirana naye, kumulipira, n'kugwirizana naye za nthawi imene mathirakitala angalowe osawononga mbewu. Kuderako nyengo yozizira imaumitsa nthaka kwa miyezi ingapo, anthu ndi ochepa, ndipo antchito zikwi zingapo ayenera kubwera kuchokera kwina n'kumangiridwa malo ogona. Pamwamba pa zonsezi, mizinga 400 iyenera kukhalabe yokonzeka tsiku lililonse pamene ntchito ikuchitika, kotero sangatseke maenje ambiri nthawi imodzi.

Kenako mu May 2025 Air Force inavomereza chinthu chimene chinagwetsa maziko a mawerengero a 2020: maenje akalewo sagwiritsidwanso ntchito, adzakumba atsopano. Atayesa kusintha dzenje lina loyesera ku Vandenberg m'boma la California, anaona kuti kukonza maenje a zaka 60 kuli ndi zobisika zambiri, ndipo kungadye ndalama ndi nthawi kuposa kuyamba pachabe. N'chimodzimodzi munthu amene wagwirizana ndi mmisiri kuti angosintha malata, ndiye denga litachotsedwa n'kuuzidwa kuti makoma ndi maziko omwe ayenera kugwetsedwa, m'mudzimo mulibenso mmisiri wina. Komatu kafukufuku wa 2014 uja anapeza kuti mzinga watsopano n'ngotsika mtengo poganiza kuti maenje akale adzagwiranso ntchito.

Lamulo lokhala ndi khomo lotulukira

Lamulo limene linakakamiza Pentagon kuulula zonsezi limatchedwa Nunn-McCurdy, potengera mayina a senata Sam Nunn ndi phungu Dave McCurdy amene analibweretsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Limati mtengo wa chida chimodzi ukakwera ndi 15 peresenti kuposa mtengo umene ukugwira ntchito panopa, Congress iyenera kudziwitsidwa. Ukakwera ndi 25 peresenti, kapena ndi 50 peresenti kuposa mtengo woyambirira, ndiye kuti zafika poipa. Mu 2009 Congress inalimbitsa lamuloli: ntchito yofika pamenepa imatengedwa kuti yathetsedwa, pokhapokha unduna utatsimikizira zinthu zisanu. Uyenera kunena kuti ntchitoyo ndi yofunika pa chitetezo cha dziko, kuti palibe njira ina yotsika mtengo yokwaniritsa zofunikazo, kuti mtengo watsopano wawerengedwa moyenera, kuti ntchitoyo ndi yofunika kuposa ntchito zina zimene zidzadulidwe ndalama kuti iyo ilipiridwe, ndiponso kuti oyendetsa ake angathe kugwira mtengo.

Pa pepala lamuloli likuoneka lolimba. Koma amene amatsimikizira zisanuzo ndi unduna womwewo umene unayambitsa ntchitoyo, ndipo "zofunika" zimene njira ina iyenera kukwaniritsa ndi zimene asilikali omwewo analemba. Ngati chofunika ndi mizinga 400 ya pamtunda mpaka 2075, palibe njira ina imene ingapambane. Pa nkhani ya ntchito zimene zidzadulidwe, akuluakulu anati kukweraku kudzayamba kumveka patsogolo, kupitirira zaka zisanu zimene bajeti yawo imaona, kotero zosankhazo zidzapangidwa nthawi imeneyo. Anavomereza kuti Sentinel iposa ntchito zina asanatchule kuti ntchito zake ndi ziti. Chimene LaPlante anachita chooneka ndi kulanda chilolezo cha Milestone B chija n'kulamula Air Force kuti ikonzenso ntchito yonse, kuphatikizapo kuchepetsa kukula kwa nyumba za pa maenje. Ananenanso kuti ntchitoyo ichedwa ndi zaka zingapo. Poyamba mizinga yoyamba inkayembekezeka kukhala yokonzeka mu 2029.

Ndalama zimatuluka chaka ndi chaka

Palibe tsiku limene Congress inavota kuti ikupereka madola 140.9 biliyoni. Ndalama zimatuluka pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, ndipo zimadutsa makomo awiri. Makomiti a zachitetezo a nyumba zonse ziwiri amalemba lamulo lololeza ntchito, kenako makomiti ena osiyana amalemba lamulo lotulutsa ndalama. Chaka cha boma chimayamba pa 1 October, ndipo nthawi zambiri aphungu amakhala asanagwirizane, kotero boma limayenda ndi bajeti yongogwirizira imene siilola kuyamba ntchito zatsopano. Pa bajeti ya 2025 Air Force inapempha madola pafupifupi 3.7 biliyoni a Sentinel. Phungu amene akuvotera ndalama ya chaka chimodzi saona phiri lonse, ndipo chaka chilichonse chimene chadutsa chimalimbitsa mfundo yakuti ndalama zalowa kale zambiri, kusiya tsopano n'kutaya.

Air Force iyenera kulipira Sentinel kuchokera m'thumba lomwelo limene ikugulira ndege zatsopano zoponya mabomba za B-21, zimenenso zikupangidwa ndi Northrop Grumman, pamodzi ndi ndege za F-35 ndi zina zonse. Asilikali a panyanja nawo akumanga sitima 12 zoyenda pansi pa nyanja za mtundu wa Columbia zolowa m'malo mwa za Ohio. Njira zitatu zonse zija zinakalambira limodzi ndipo zikusinthidwa nthawi imodzi. Ofesi ya Congress yowerengera bajeti, CBO, inanena mu 2023 kuti zida za nyukiliya zidzadya madola 756 biliyoni m'zaka 10. Mu April 2025 inawerengeranso za zaka za 2025 mpaka 2034 n'kupeza 946 biliyoni.

Bomba lenilenilo silili pansi pa Pentagon. Limapangidwa ndi bungwe la NNSA, lomwe lili mu unduna wa zamphamvu. Sentinel idzayamba ndi mabomba a W87-0 amene alipo kale, otsala ku mizinga ya Peacekeeper imene inachotsedwa ntchito mu 2005, kenako idzalandira atsopano a W87-1 okonzedwa ndi malo ofufuzira a Lawrence Livermore. Bomba latsopanoli likufuna mtima watsopano wa plutonium, kachitsulo kozungulira kamene kamayambitsa kuphulika. Fakitale imene inkapanga mitima imeneyi yambiri, Rocky Flats pafupi ndi Denver, inasiya kupanga mu 1989 apolisi a FBI atalowamo pofufuza milandu yowononga chilengedwe. Kuyambira pamenepo America yapanga yochepa kwambiri. Congress inalamula kuti pofika 2030 azipanga 80 pachaka, ndipo pulani inali yakuti 30 izichokera ku Los Alamos ndipo 50 ku Savannah River m'boma la South Carolina, m'nyumba imene inamangidwira ntchito ina imene inalephereka itadya kale mabiliyoni. NNSA inavomereza yokha kuti 2030 siikwanitsa. Mtima woyamba wovomerezeka wa W87-1 unatuluka ku Los Alamos mu October 2024. Ndalama zonse za mbali imeneyi sizili mu 140.9 biliyoni uja.

Ndale nazo zili ndi gawo lake, ndipo si lobisika. Masenata a ku Montana, North Dakota, Wyoming ndi Utah, a zipani zonse ziwiri, akhala ndi gulu lawo loteteza mizinga ya pamtunda kwa zaka zambiri. Kwa mizinda ngati Minot ndi Great Falls, malo a asilikali ndiwo amalemba ntchito anthu ambiri. Ku Utah kuli likulu la ntchito ya Sentinel pafupi ndi malo a asilikali a Hill, ndiponso fakitale ya injini ku Promontory. Kwa zaka zingapo tsopano Congress yakhala ikuika m'lamulo la zachitetezo ndime yoletsa boma kuchepetsa mizinga yokonzeka kuti itsike pansi pa 400. Aphungu monga John Garamendi ndi Ro Khanna, komanso senata Elizabeth Warren, ayesapo kuimitsa ntchitoyi kapena kuichotsera ndalama, koma sanapeze mavoti okwanira. Sindikunena kuti aliyense woikira kumbuyo Sentinel akungoteteza ntchito za kwawo. Ambiri amakhulupiriradi mfundo ya maenje ija. Koma pamene lamulo likuletsa ngakhale kutsika pansi pa 400, funso lakuti 300 kapena 200 ingakwanire silipeza pokambidwira.

Zochitika kunja zawonjezeranso mphamvu kwa ofuna mzingawu. Mu 2021 zithunzi za masetilaiti zinaonetsa China ikukumba maenje mazana angapo pafupi ndi Yumen, Hami ndi Ordos. Pentagon inati pofika pakati pa 2024 China inali ndi mabomba oposa 600, ndipo ikuyembekezera kuti adzaposa 1,000 pofika 2030. Russia yasintha kale mizinga yake yambiri ndi ya mtundu wa Yars, ngakhale mzinga wake waukulu wa Sarmat wakhala ukuvuta poyesedwa. Pangano la America ndi Russia la New START, limene Barack Obama ndi Dmitry Medvedev anasainira mu 2010 loika malire a mabomba 1,550 okonzeka mbali iliyonse, linawonjezeredwa mpaka 5 February 2026 basi, ndipo Russia inaimitsa kutenga nawo mbali m'panganoli mu February 2023. Zinthu zili chonchi, phungu amene angaime n'kunena kuti tichepetse mizinga amadziwa kuti adzatchedwa wofooka.

Kuchedwa nako kuli ndi mtengo wake. Mzinga umene Richard ananena kuti sungatalikitsidwe moyo uyenera tsopano kutalikitsidwa. Mu September 2025 ofesi yofufuza ntchito za boma, GAO, inanena kuti Air Force ikuona kuti mwina iyenera kugwiritsa ntchito Minuteman III mpaka 2050, zaka 14 kupitirira nthawi imene ankafuna kuichotsa. Kuti atsimikize kuti ikugwirabe ntchito, amaiyesa kangapo pachaka: amatenga mzinga wopanda bomba n'kuuponya kuchokera ku Vandenberg kupita ku zilumba za Kwajalein m'dziko la Marshall Islands, mtunda wa makilomita oposa 6,500. Kuyesa kulikonse kumatha mzinga umodzi, ndipo palibe fakitale imene ikupanganso ina. Pa 1 November 2023 mzinga wina woyesera unasokonekera uli m'mwamba ndipo anauphulitsa dala pamwamba pa nyanja ya Pacific. Boma lidzalipira ntchito ziwiri nthawi imodzi kwa zaka zambiri, kusamalira wakale ndi kumanga watsopano.

Kwa ine, vuto lalikulu la Sentinel si lakuti amisiri analakwitsa masamu. Ntchito zikuluzikulu zomanga zimadumpha mitengo kulikonse. Vuto n'lakuti chisankho chachikulu chinapangidwa mu 2014 ndi mu 2020 potengera mtengo umene unalibe maziko, ndipo mtengo weniweni utadziwika, palibe amene anabwerera kukafunsanso funso loyamba lija ndi manambala atsopano. Ngati mzinga watsopano unasankhidwa chifukwa unali wotsika mtengo, ndiye kuti mtengo utakwera ndi 81 peresenti ndipo maenje atsopano atawonjezekapo, kuyerekezako kunayenera kuchitidwanso poyera, ndi anthu osakhala a m'nyumbamo, njira zonse zili pa tebulo, kuphatikizapo kuchepetsa chiwerengero. Mwina yankho likanatulukabe Sentinel. Koma anthu a ku America, ndi ena tonse amene fumbi la nkhondo yotere silingatifunse pasipoti, tikanadziwa kuti anaisankha akuona mtengo wake wonse.

Air Force ikamaliza kukonzanso ntchitoyi iyenera kupempha chilolezo chatsopano cha Milestone B, ndipo pamenepo adzaika mtengo woyambira watsopano umene udzaphatikize maenje okumbidwa kumene. Malinga ndi lamulo, ntchito imene yadutsa mu kukonzedwanso kotere imayezedwa kuchokera pa mtengo watsopanowo, osati pa 77.7 biliyoni wa mu 2020. Kuti Nunn-McCurdy idzagwirenso Sentinel pa mlingo woopsa uja, mtengo wa mzinga umodzi uyenera kudzakweranso ndi 25 peresenti pamwamba pa umene adzaikewo.